Nyimbo Yodziwa Kudikira

M'chaka cha 2019, mnyamata wa ku America dzina lake Kodi Lee, yemwe ndi wosaona komanso ali ndi autism, anakwera pansanja ya mpikisano wa America's Got Talent atakolowekana mkono ndi mayi ake. Poyankha mafunso a oweruza, mawu ankatuluka mokakamira. Atangokhala pa piyano n'kutsegula pakamwa, anthu m'holo anaimirira, ndipo potha pa mpikisanowo iyeyo ndi amene anapambana. Vidiyo ya tsikulo inayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, aliyense akutumizira mnzake n'kulembapo kuti wagwetsa misozi.

Misozi imeneyo sindikuitsutsa, mnyamatayo amayimbadi. Koma mavidiyo otere atizoloweza kuganiza kuti nyimbo imathandiza mwana wovutika kuphunzira pomusandutsa chozizwitsa. Ana ambiri a autism, a Down syndrome, kapena amene ubongo unavulala pobadwa ngakhalenso ndi malungo aakulu, sadzakwera pansanja iliyonse. Ngakhale Derek Paravicini wa ku Britain, katswiri wina wosaona amene amatha kubwereza pa piyano nyimbo yomwe wangoimva kamodzi, sanadzuke ali wotero: ali mwana ankamenya piyano ndi zibakera ndi zigongono, ndipo mphunzitsi wake Adam Ockelford anatha zaka akumuwongola zala. Gawo limenelo silitumizidwa pafoni. Kuyimba ndi mwana wotere ndi luso palokha, lokhala ndi malamulo ake, ndipo muyeso wake si misozi ya oonerera. Muyeso wake ndi wakuti: kodi nyimboyo yamusiyira mwana malo?

Amene analisula lusoli mozama ndi amuna awiri, Paul Nordoff ndi Clive Robbins. Nordoff, wobadwa mu 1909 ku Philadelphia, anali wopeka nyimbo wodziwika kale. Anaphunzira ku Juilliard, anapekerapo nyimbo gulu lovina la Martha Graham, ndipo ankaphunzitsa ku Bard College. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anafika ku Sunfield, nyumba yosamalira ana aulumali ku Clent m'chigawo cha Worcestershire ku England, komwe Robbins, wobadwa mu 1927, ankaphunzitsa. Kuyambira 1959 awiriwa anagwirira ntchito limodzi, ndipo Nordoff anasiya uprofesa wake n'kutha zaka zake zotsala akuyimbira ana amene ena ankati n'ngosaphunzitsika. Anagawana ntchito chonchi: Nordoff pa piyano, akupeka nyimbo pompopompo n'kumayimbanso ndi pakamwa, Robbins pambali pa mwana, pomwe pali ng'oma ndi chinganga cha mkuwa, akumugwiritsa ndodo kapena kungomutchinjiriza kuti asadzipweteke.

Nkhani yawo yotchuka ndi ya mwana amene m'buku lawo la mu 1977, Creative Music Therapy, anamutcha Edward. Anali ndi zaka 5, sankalankhula, ndipo atamulowetsa m'chipinda choyimbiramo ku Philadelphia anayamba kulira ndi kukuwa. Wina aliyense wa ife akanachita chimene amayi amachita ndi khanda: kutsitsa mawu, kuyimba mofatsa, kumutonthoza kuti akhale chete. Nordoff sanatero. Anamvetsera kukuwako monga momwe woyimba amamvetserera mnzake, n'kuzindikira kuti kunali ndi kiyi yake, kukukwera ndi kutsika molingana ndi zomwe piyano inkalira. Ndiye anayimba mwamphamvu, mwaukali wofanana ndi wa mwanayo, m'kiyi yomweyo, akuima pamene mwana waima n'kuyambanso pamene wayamba. Atakumana maulendo angapo, kulira kuja kunayamba kusanduka kuyimba kolira, kenako kupatsana moni mwa nyimbo, uyu akaponya uyo n'kubweza.

Chimene chinachitika pamenepa n'chosavuta kuchiphonya. Edward sanatonthozedwe, anayankhidwa. Mwana amene phokoso lake lonse lakhala likulandiridwa ndi mawu akuti "khala chete" anapeza kwa nthawi yoyamba kuti phokosolo lasuntha munthu wina: akakweza mawu, piyano ikukwera, akasiya, iyonso yasiya. Kulankhulana kumayambira pamenepo, pa kuzindikira kuti mawu anga ali ndi kanthu komwe amachita kunjaku. Ndipo taonani kuti zimenezi zinafuna khutu la woyimba weniweni. Chifundo chokha sichikanatha kumva kuti kukuwa kuli m'kiyi yanji. Anthu okoma mtima alipo ambiri pafupi ndi ana awa. Osowa ndi amene angamve mawu a mwana n'kuwapeza pa chida choyimbira nthawi yomweyo, mwanayo asanatembenuke.

Luso lachiwiri, lomwe kwa ine ndiye mtima wa ntchitoyi, ndi kusiya mpata. Woyimba amatenga kanyimbo kafupi, kawirikawiri kokhala ndi dzina la mwanayo, n'kukabwereza mpaka kazolowereke. Kenako tsiku lina amafika pafupi ndi mapeto a mzere n'kuima. Oyimba m'makwaya athu amene anaphunzira do, re, mi akudziwa bwino chimene chimachitika nyimbo ikaimira pa ti kapena pa so: khutu limakana kukhazikika, limafuna do. Njala ya khutu imeneyi mwana wosalankhula ali nayonso. Mukamufunsa funso, akhoza kungokuyang'anani kapena kuyang'ana kumbali. Koma mzere wosatha umamukoka, ndipo nthawi zambiri amautsiriza, mwina ndi liwu, mwina ndi kadzuma, mwina ndi kumenya chinganga kamodzi. Zili ngati amayi awiri posinja mumtondo umodzi: munsi wa uyu ukakwera, mtondo umakhala wotsegukira munsi wa mnzake, ndipo palibe amene amauza wina kuti tsopano ndi iwe.

Chovuta ndi kutalika kwa mpatawo. Akulufe sitipirira chete. Pakangodutsa sekondi imodzi kapena ziwiri timadzaza tokha, poganiza kuti mwana walephera, pamene iye n'kuti akali m'njira, ubongo ukusonkhanitsa mpweya, lilime ndi milomo. Koma kungokhala chete sikokwanira. Woyimba akatsitsa manja, n'kupuma, n'kuyang'ana kwina, nyimbo yafa ndipo mwana alibenso choti atsirize. Waluso amaima mpweya uli m'chifuwa, dzanja lili m'mwamba, nsidze zitakwera, kotero kuti chetecho chimakhala chikadali mkati mwa nyimbo. Kusiyana kwa chete wamoyo ndi chete wakufa sikulembedwa pa pepala la nyimbo, koma mwana amakumva msanga kuposa wamkulu.

N'chifukwa chiyani nyimbo imatha zimene kulankhula kumalephera? Mawu olankhula amathamanga ndipo sabwera kawiri mofanana. Lero mayi anena chonchi, mawa anena mwina. Nyimbo imatalikitsa mawu, imawaika pa kugunda kodziwika, ndipo imabwerera momwemo nthawi iliyonse, kotero mwana amadziwa chimene chikubwera ndi nthawi imene chifike. Tonse tinaonapo wachibwibwi amene poyimba sadodoma ngakhale pang'ono. Mu 1973 akatswiri a ku Boston, Albert, Sparks ndi Helm, anafotokoza njira yophunzitsiranso kulankhula anthu ogwidwa ndi sitiroko powayimbitsa mawuwo uku akuwagunditsa dzanja lamanzere. Ku Cambridge, Usha Goswami wasonyeza kuti ana ambiri a dyslexia, ovutika kuwerenga, amavutikanso kumva pamene liwu layambira kukwera mphamvu ndiponso kugunda motsatira biti. Awa ndi matenda osiyana, ndipo sitiyenera kuwaphatikiza m'thumba limodzi, koma onse akuloza ku nthawi: mwana amene mawu amamudutsa mwaliwiro amapeza pogwira nyimbo ikawachedwetsa.

Pali chinanso chimene ndimawalemekezera Nordoff ndi Robbins: anakana nyimbo zotsekemera. Anthu ambiri akamva kuti akukayimbira ana aulumali amasankha timanyimbo tofewa, tosekerera, ngati kuti anawo alibe mkwiyo, mantha kapena nthabwala. Nordoff ankagwiritsa ntchito mawu a piyano okhulana, machuni a ku Spain ndi a ku Middle East, ndi mayimbidwe akale a m'tchalitchi, malinga ndi zomwe waona mwa mwanayo. Mwana waukali ankamupatsa nyimbo yaukali imene ingamunyamule. Ankapekanso masewero a gulu, monga Pif-Paf-Poltrie, wochokera m'nthano za a Grimm, momwe masamba amamwazidwa pansi ndipo mwana mmodzi amawasesa ndi tsache, nyimbo ikutsatira liwiro la tsache lakelo mpaka pansi payere. Ndi ntchito yeniyeni, yokhala ndi chiyambi ndi mapeto, ndipo mwana amene satha kukhazikika pa chinthu chimodzi amaimaliza anzake akuona.

Apa m'pamene nyimbo zojambulidwa zimagwera. Kholo likamva kuti nyimbo imathandiza, limatsegulira mwana foni kapena wailesi tsiku lonse. Mwanayo akhoza kusangalala, ndipo palibe choipa, koma nyimbo ya mufoni sidikira munthu. Siimva kuti mwana wachedwa, siisintha akakuwa. Chimodzimodzinso kiyibodi yodziyimbira yokha biti, imene yadzaza m'matchalitchi ndi m'maphwando: mukangoitsegula, ndiyo imalamula, ndipo wotsalira watsalira. Kwa mwana wovutika kuphunzira, mawu a agogo osasa, otuluka kunja kwa kiyi koma oima iye akaima, amaposa chimbale cha nthetemya iliyonse.

Nordoff ndi Robbins ankajambula pa tepi kukumana kulikonse ndi mwana, kenako n'kukhala pansi kumvetsera, akulemba chimene chachitika pa mphindi iliyonse: apa anamenya ng'oma katatu, apa anatsatira piyano itafulumira, apa tinamuthamangira. Ankamvetsera kuti agwire zolakwa zawo ndi kuti apeze tizinthu ting'onoting'ono ta mwana toti adzamangirepo ulendo wotsatira. Sukulu za njira yawo, ku London ndi ku New York University komwe Robbins ndi mkazi wake Carol anatsegula malo otere mu 1989, zikuphunzitsabe mwambo umenewu.

Okonda lusoli amakonda kulonjeza zambiri, choncho tinene zoona. Mu 2017 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wamkulu wotchedwa TIME-A, wa ana 364 a autism a zaka 4 mpaka 7 m'mayiko 9. Patatha miyezi 5, ana amene ankayimba ndi akatswiri sanasiyane kwenikweni ndi anzawo pa muyeso wa zizindikiro za autism umene ofufuzawo anasankha. Mu 2022 bungwe la Cochrane litaunika pamodzi makafukufuku 26 a anthu 1,165 linapeza kuti mwina njirayi imathandiza pa umoyo wa munthu wonse, koma umboni wakuti imawongola kulankhula sunali womveka. Ena amati muyesowo ndi umene unali wolakwika, ndipo ali ndi mfundo, popeza palibe woyimba amene cholinga chake chinali kuchotsa autism mwa mwana. Komabe amene angauze kholo kuti nyimbo ichiritsa mwana wake akulinamiza. Chimene ndingachiikire kumbuyo n'chocheperapo: kwa theka la ola, mwana amene tsiku lonse amakokedwa, kudyetsedwa ndi kulankhuliridwa amakhala mnzake wa munthu pa ntchito imodzi, ndipo ena mwa ana otere amatuluka ndi mawu angapo, kapena ndi chizolowezi chodikira nthawi yawo, chimene amakachigwiritsa ntchito kwina.

Kwathu kuno piyano n'njosowa ndipo akatswiri otere ndi owerengeka, koma kamangidwe ka nyimbo zathu kali kale ndi mpata uja. Pa nthano, pa gule, pamaliro, pamakhala wotsogolera ndi ovomera. Mzere wa wotsogolera sukwanira pawokha mpaka ena aulandire. Aphunzitsi a Sitandade 1 amadziwa mphamvu imeneyi, n'chifukwa chake zilembo, manambala ndi masiku a sabata amaziphunzitsa poyimba. Vuto n'lakuti m'kalasi ya ana 100, ovomera amabwera ngati chigumula. Mwana wochedwa amangogwedeza milomo, kapena amafika pa liwu loyamba anzake atamaliza mzere, ndipo kwa mphunzitsi amene waima kutsogolo kalasi yonse ikumveka ngati yadziwa. Kuyimba kwa gulu kumene timanyadira kumatha kubisa mwana kwa zaka, mpaka tsiku la mayeso olemba.

Aphunzitsi amene amaphunzira za ana ofunika chithandizo chapadera ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amakagwira ntchito m'zipinda zapadera za m'masukulu ena, momwe ana amakhala ochepa. M'menemo zimatheka kutsitsa liwiro, kuika dzina la mwana m'nyimbo, n'kuima pa ti. Zimathekanso kutembenuza udindo: mwana wosalankhula akhale wotsogolera, atulutse liwu lililonse limene angathe kapena amenye chigubu kamodzi, anzake avomere pobwereza chomwecho, mokweza ngati wakweza, monong'ona ngati wanong'ona. Ntchito yaikulu ya mphunzitsi pamenepo sikhala pa mwana wochedwayo. Imakhala pa anzake ochangamuka, amene amadziwa kale liwu lotsatira ndipo likuwayabwa pakamwa, kuwaphunzitsa kuti asalitulutse ndiponso asaseke mpaka mwini wake atafika.