Nthabwala za Banja la Simpson

Ku America kuli sewero la zithunzi zojambula lotchedwa The Simpsons, limene linayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema m'chaka cha 1989. Mwini wake woliyambitsa ndiye Matt Groening. Likamba za bambo wina, Homer, mkazi wake Marge, ndi ana awo atatu.

Poyamba anthu ankaseka chifukwa ankadziona okha m'banjamo. M'nthano yoyamba Homer anasowa ndalama za Khirisimasi. Anakayesa mwayi ku mpikisano wa agalu nataya zonse, koma anabwera kunyumba ndi galu wotayidwa, ana nakondwera. Apa tiseka, koma chisoni chili pafupi.

M'zaka zapambuyo zinthu zinasintha. Pakuti anawo sakula, Bart akali wa zaka 10, nkhani za m'banja zinayamba kuchepa. Nyimbo imodzi sachezera gule. Kotero olemba anatsamira pa alendo otchuka, monga woimba Lady Gaga mu 2012, ndipo kupusa kwa Homer kawirikawiri kunasanduka nkhanza.

Tsono inu owerenga, gwirani ichi: nthabwala yokoma imera pa mavuto enieni a anthu. Ikazulidwa pamenepo, chotsala ndi phokoso chabe.