Usiku wa Chisanu ku Kanbara

Ku Japan, m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene ife tili kupalira chimanga, kumagwa chipale chofewa. Amenewa ndi madzi oundana ogwa kuchokera kumwamba ngati ufa woyera, nakuta madenga, mitengo ndi njira. Ambiri a ife kuno ku Lilongwe sitinachionepo. Nanga chithunzi chake chingatiuze chiyani?

Mmisiri wina wa dzikolo, Utagawa Hiroshige, amene adabadwa mu 1797 namwalira mu 1858, adajambula malo 53 opumulirapo apaulendo pa msewu wa Tokaido, wochokera ku Edo, kumene lero ndi Tokyo, kukafika ku Kyoto. Zithunzizo zidayamba kutuluka cha mu 1833. Iye ankajambula pa pepala, wina n'kusema chojambulacho pa thabwa, winanso n'kupaka utoto pa thabwalo ndi kudinda, monga chichitira chidindo cha amfumu. Utoto uliwonse unali ndi thabwa lake.

Choposa zonse, m'kuona kwanga, ndicho cha mudzi wa Kanbara. Ndi usiku. Nyumba zili zii, mapiri ayera mbuu. Anthu atatu ali pa njira: awiri akukwera chitunda, mmodzi akutsika ndi ndodo, atabisa mutu m'ambulera. Tsono taonani nzeru yake. Kuyera konseko si utoto ayi, ndi pepala lenileni. Wosema adagoba thabwa pamenepo kuti utoto usafikepo. Utoto wotuwa uli kumwamba ndi m'mbali mwa nyumba, ndipo wowala pang'ono uli pa zovala za anthuwo pokha, kotero kuti diso lithamangira kwa iwo.

Koma pali mlandu. Kanbara ali pafupi ndi nyanja, kofundirapo, ndipo chipale chotere sichigwako kawirikawiri. Ena amati mmisiriyo adatinamiza. Ine sindimtsutsa nazo, pakuti chimene adafuna kuonetsa ndi munthu woyenda m'chisanu, ndipo pamenepo sananame. Misana yowerama ija tiidziwa. Ndiyo ya anthu a ku Kawale ndi ku Chinsapo opita kuntchito mbandakucha mu Julaye, manja ali m'khwapa, osalonjerana.

M'gulu lomwelo muli chithunzi cha Kameyama, cha m'mawa chipale chitaleka, kumwamba kutafiira. Chimenecho n'chokongola ndithu, koma sichizizira.