Makoma a ku Ravenna ndi Maziko a ku Mbombwe

Mlendo amene afika ku Ravenna, mzinda wa kumpoto cakum'mawa kwa Italy, poyamba sapeza codabwitsa. Machalichi amene anamva mbiri yace ali a njerwa zosapaka, osasiyana kwambiri ndi a mishoni a m'boma la Chiradzulu. Koma akalowa m'kati amaima cilili. Makoma ndi madenga anakutidwa ndi zithunzi za timiyala ndi tizidutswa ta galasi tamitundumitundu, tina tokhala ndi golidi, tomatidwa m'laimu kamodzikamodzi monga mkazi atungira mikanda. Amisiri sanatiyale mosalala. Anatipendeketsa pang'ono, kuti khoma liziphethira pamene munthu ayenda. Luso limeneli palibe angalitsutse, ndipo m'caka ca 1996 bungwe la UNESCO linaika nyumba 8 za mumzindawu m'kaundula wa cuma ca dziko lonse. Koma kukongola kwa cithunzi sikutsimikiza kuti cinena zoona, ndipo ofuna kuweruza bwino ayenera kudziwa amene analamula nchitoyo.

M'caka ca 402 mfumu Honorius inasandutsa Ravenna likulu la ufumu wa Roma wa kumadzulo. Kuyambira 493 kufikira 526 analamulira mzindawu ndi Theodoric, mfumu ya Agothi, wotsata ciphunzitso ca Arius cakuti Mwana sali wolingana ndi Atate. M'caka ca 540 kazembe Belisarius anaulanda m'dzina la Justinian, mfumu ya ku Constantinople, amene anayesa ciphunzitso cimeneco cosokeretsa. Tsono mzinda umodzi unaona eni atatu, ndipo aliyense anafuna kuti makoma amcitire umboni.

M'chalichi ca San Vitale, cimene cinapatulidwa m'caka ca 547, Justinian aima pakati pa ansembe ndi asilikali atanyamula mbale yagolidi, ndipo pakhoma lopenyana nalo mkazi wace Theodora anyamula cikho. Nkhope zao ziri zamoyo, maso akuru openya mlendo mosaphethira, zobvala zogwa molemera. Wopenya angalumbire kuti mfumuyi inapemphera m'nyumbamo. Koma Justinian sanapondepo ku Ravenna. Cithunzici ndico cidziwitso ca boma, couza anthu ogonjetsedwa za mwini wao watsopano. Ndipo mwa onse oimapo, dzina lolembedwa ndi limodzi lokha, la Bishopu Maximianus, amene anapatula nyumbayo.

Umboni woposa uli m'chalichi ca Sant'Apollinare Nuovo, cimene Theodoric anamanga pafupi ndi nyumba yace yacifumu. Pakhoma limodzi amisiri ace anajambula nyumba yacifumuyo, anthu ataimirira pakati pa mizati. Ca m'ma 561, m'masiku a Bishopu Agnellus, chalichici cinacotsedwa m'manja mwa otsata Arius. Pamenepo anthu aja anagumulidwa pakhoma, ndipo m'malo mwao anamatamo zithunzi za nsaru zocinga. Nyengo yomweyo anaonjeza mizere iwiri yaitali: amuna 26 ophedwa cifukwa ca cikhulupiriro, ndi anamwali 22 otsogozedwa ndi Anzeru atatu a kum'mawa. Mizereyi iri yokoma, ndipo imakoka maso kulinga ku guwa monga nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Koma nkhope zace zifanana, ndipo wopenya akaona atatu waona onse. Cimene cimgwira mtima ndi cina: ogumula aja anasiya manja ndi zala za anthu ocotsedwawo ziri pamizati, ndipo zioneka kufikira lero. Mwa zonse za ku Ravenna, manja opanda eniwa ndiwo anena zoona koposa, pakuti aulula cimene nsaruzo zinaikidwira kubisa.

Mphunzitsi wa ku Ndunde sayenera kuoloka nyanja kuti amvetse nkhani yotere, pakuti m'boma lace lomwelo muli Mbombwe. Kumeneko John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission m'caka ca 1900, atabwera ku maphunziro ku Lynchburg m'dziko la America, ndipo anthu ace anaumba njerwa namanga chalichi cacikuru cimene cinatha m'caka ca 1913. Munalibe zithunzi zagolidi; nyumba yokhayo ndiyo inali mau, akuti anthu akuda akhoza kumanga monga amangira Azungu. Nkhondo ya Chilembwe itabuka pa 23 January 1915, asilikali a boma la atsamunda anaiphulitsa ndi zophulitsira miyala. Ku Ravenna opambana anasunga nyumba nasintha zithunzi. Ku Mbombwe anagwetsa nyumba yonse. Koma colinga cinali cimodzi, cakuti obadwa m'mbuyo asaone cimene ogonjawo ananena.

Ndipo monse muwiri colingaco sicinakwanire. Madzi saiwala khwawa: m'caka ca 1926 Dr. Daniel Malekebu anatsegulanso mishoniyo, ndipo pambuyo pace anthu anamanga chalichi cina pafupi ndi malo a coyamba cija. Zithunzi za nyumba ya Chilembwe zinasungidwa, ndipo buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la m'caka ca 1958, linazifikitsa kwa owerenga ambiri. Maziko otsalawo ali kwa anthu a ku Chiradzulu monga manja aja ali kwa anthu a ku Ravenna.

Cifukwa cace kuphunzitsa ana kuyamikira zokongola kokha sikukwanira. Mwana amene angodziwa kunena kuti cithunzi ncokoma adzakhulupirira Justinian wa pakhoma, nadzapitirira nsaru zocinga osafunsa kanthu. Mphunzitsi wopita ndi ana ace ku Mbombwe acita bwino kuyamba ndi malo a chalichi cogwetsedwa asanalowe m'cimene ciimirira, nawafunsa amene anamanga, amene anagwetsa, ndi cimene wogwetsayo anaopa. Ana ozolowera kufunsa motero adzatha kuwerenga khoma liri lonse, la njerwa za kwao kapena la golidi wa ku Italy.