Mikungudza Yakufa ya Mayi Maya Lin

Mu May 2021, pamene anthu a mumzinda wa New York anali atangoyamba kutuluka m'nyumba zawo mliri wa Covid-19 utawalanda abale ndi abwenzi ochuluka, anapeza pabwalo la kapinga la Madison Square Park pataimikidwa mikungudza 49 yakufa, yotuwa, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, uliwonse wotalika pafupifupi mamita 12. Woimika mitengoyo anali Mayi Maya Lin, mmisiri wobadwira ku Ohio mu 1959, ndipo ntchito yawoyi anaitcha Ghost Forest. Mitengo inatengedwa ku nkhalango ya Pine Barrens m'chigawo cha New Jersey, kumene madzi amchere a m'nyanja yaikulu, amene akukwera chifukwa cha kutentha kwa dziko, amalowerera m'madambo nawononga mizu pang'onopang'ono, popanda wakumva mkokomo, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Munthu wozolowera kuona mmisiri atagwira sompho angathe kufunsa kuti luso lili pati pamenepa, popeza mayiwa sanaseme kanthu, sanapake utoto, ndipo mitengo anaipeza ili chifere. Ine ndiyesa kuti luso lawo lagona pa kudziletsa kumeneko, ndi pa kudziwa kuti nyengo ya chaka ingathe kugwira ntchito imene dzanja silingathe. Iwo sanandandalike mitengoyo m'mizere monga achitira obzala, koma anaimwaza motalikirana mosiyanasiyana monga imera m'thengo, kuti munthu alowe pakati pake, ayende, akhale pansi, ngakhale kudyera pomwepo kamba wake. Ndipo anasankha malo ozingidwa ndi mitengo yamoyo, kotero kuti m'miyezi yotentha, pamene inzake inavala masamba obiriwira, imeneyi inaima yamaliseche ngati mafupa ouma a m'masomphenya a Ezekieli, koma pofika November, ntchitoyo ili pafupi kuchotsedwa, yamoyo ija nayonso inayoyola masamba, mwakuti diso linayamba kuvutika kulekanitsa wakufa ndi wamoyo. Kwathu kuno manda timawazindikirira patali ndi msitu umene nkhwangwa siufika, mitengo yamoyo ndiyo isunga akufa. Pabwalo lija mitengo ndiyo inali mitembo, ndipo anthu oyenda pansi pake, afune asafune, anasanduka anamfedwa.

Nzeru imeneyi sinayambe dzulo. Mu 1981, ali mtsikana wa zaka 21 pa sukulu ya ukachenjede ya Yale, Mayi Lin anapambana mpikisano wokonza chipilala chokumbukira asilikali a dziko la America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo chimene chinatsegulidwa ku Washington mu 1982 si fano la ngwazi ayi, koma khoma la mwala wakuda wonyezimira, lolowa m'nthaka, lokhala ndi maina oposa 58,000 olembedwa motsata masiku amene eni ake anagwa, osati motsata maudindo, kotero kuti wowerenga dzina la mbale wake amaona nkhope yake yomwe pamwalapo. Kuyambira 2009 akhala akusonkhanitsa, pa ntchito yotchedwa What Is Missing?, zokumbukira za nyama, mbalame ndi malo amene akutha padziko.

Komabe ndiyenera kunena poyera pamene ndiona kuti ntchito ya mikungudzayi iperewera. Dzina lolembedwa pamwala limadzinenera lokha mwini wake, pomwe mtengo wouma sunena chimene chinaupha. Wodutsa amene sanawerenge chikwangwani akanatha kuyesa kuti ndi chiswe, moto kapena ukalamba, ndipo mlandu wa mchere ndi utsi wa mafakitale ukanazimirira m'kukongola kwa mitengoyo, pakuti inalidi yokongola. Mayiwa anaonjezapo kulira kojambulidwa kwa nyama ndi mbalame zimene kale zinkakhala pachilumba cha Manhattan, koma kumeneko kunafuna kuti munthu atulutse foni ndi kutchera khutu, chinthu chimene wothamangira kuntchito sachita kawirikawiri.

Chimene chinanditonthoza ndi mathero a matabwa ake. Mitengoyo itazulidwa sinatayidwe kudzala, koma inaperekedwa ku bungwe la Rocking the Boat la ku Bronx, kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira kukhoma mabwato, ndipo iwo anapanga nayo mabwato oyenda pamtsinje wa kwawoko.