Maliro Osameta: Kuchira ndi Chimwemwe m'Zolemba za Jack Mapanje

Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anamanga Jack Mapanje ku Gymkhana Club mumzinda wa Zomba. Pa nthawiyo iye anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, ndipo buku lake loyamba la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lomwe linatuluka mu 1981, linali litachotsedwa kale m'masitolo a mabuku kuyambira mu 1985. Anakhala m'ndende ya Mikuyu zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, osaimbidwa mlandu uliwonse, osaonekera pamaso pa woweruza, kufikira pamene anatulutsidwa pa 10 Meyi 1991.

Ambiri mwa amene aunikapo zolemba za mlakatuliyu amatsindika za ndale: kulimba mtima kwake pamaso pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndi luso lake lobisa tanthauzo m'chiphiphiritso monga nadzikambe amabisalira m'masamba. Zimenezo n'zoona, koma pali funso lina limene mabuku ake a pambuyo pa ndende akulimbana nalo, ndipo likukhudza aliyense amene anagwapo m'dzenje la masautso, kaya ndi la ndende, la matenda kapena la imfa. Kodi munthu amene waona mdima wotere amabwerera bwanji pakati pa anzake, n'kudzasekanso kuseka kochokera pansi pa mtima? Mabuku atatu ndiwo akuyankha funsoli mozama: The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison (1993), Skipping Without Ropes (1998) ndi mbiri ya ukaidi wake, And Crocodiles Are Hungry at Night (2011).

Pofuna kumvetsa bala limene mabukuwa akuyesa kupoletsa, n'kothandiza kukumbukira mwambo wa maliro pakati pa Achewa ndi Amang'anja. Maliro sathera kumanda. Pakapita masiku, abale amasonkhananso kudzameta, ndipo ofedwa amamasulidwa kuti abwerere kumunda, kumsika ndi kumacheza. Mwambowu umavomereza poyera kuti tsoka linagwa, umalitchula dzina, kenaka n'kuliikira malire. Womangidwa popanda mlandu amamanidwa zonsezi. Palibe womuuza cholakwa chake, palibe chigamulo, palibe tsiku loti aziwerengera. M'buku la 2011 Mapanje akusimba kuti akuluakulu a polisi amene anamusunga tsiku loyamba anachita kumufunsa iye mwini chimene wamangidwira, popeza lamulo linachokera kumwamba ndipo iwo sakanatha kulifufuza. Chisoni chopanda dzina chotere chili ngati maliro osameta, ndipo ntchito ya ndakatulo zake ndiyo kuchita m'meto umene boma linakana kuchita.

Mankhwala oyamba amene mabukuwa akuonetsa ndi nthabwala. Timbalame togwedeza michira timene tapereka dzina ku buku la 1993 tinkagona pa waya wotchinga pamwamba pa bwalo la akaidi, n'kumawagwetsera zitosi zimene iwo ankakolopa m'mawa uliwonse. Wolemba wina akanatenga timbalameti ngati chizindikiro cha ufulu umene mkaidi akuulakalaka, pakuti ito timauluka pamene iye watsekeredwa. Mapanje akukana njira yapafupiyo. Timbalame take n'taphokoso, tauve, tolongolola ngati anthu a miseche, ndipo akaidi amatisandutsa nkhani yocheza, kumasulira kulira kwake ngati uthenga wa alendo kapena wa kumasulidwa. Apa pali phunziro la luso ndi la moyo lomwe. Mkaidi amene wakwanitsa kuseka chimene chikumunyozetsa wachilanda mphamvu ina, ndipo nthabwala imafuna womvera, choncho imamanga ubale m'chipinda chimene chinapangidwa kuti chilekanitse anthu. Kuseka kumene owerenga akukumana nako m'bukuli kunayambira mkati mwa mpanda, pakati pa nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa.

Mankhwala achiwiri ndi thupi. Ndakatulo imene yapereka mutu ku buku la 1998 ikufotokoza za mkaidi amene wamanidwa chingwe chodumphira, poopa kuti angadzimangirire nacho. Iye akungoyamba kudumpha popanda chingwecho, manja akuzungulira m'malere, miyendo ikugunda pansi. Mphamvu ya ndakatuloyi ili m'kamangidwe kake. Mawu akubwerezedwabwerezedwa, mizere ikuthamanga osapuma, kotero kuti woiwerenga mokweza amatha mpweya ngati wodumphayo. Oyang'anira ndende akuona chingwe ngati chida cha imfa, pamene mkaidi akuchifuna ngati chida cha moyo, ndipo kusamvana kumeneku ndiko kukuulula kuti iwo amuwerengera kale pakati pa akufa. Podumpha iye akutsutsa chiwerengero chimenecho. N'zochititsa chidwi kuti mlakatuli amene anali katswiri wa sayansi ya zilankhulo, wa digiri ya udokotala yochokera ku University College London, akuika chiyembekezo chake pa chinthu wamba chotere, masewera a ana. Amene anadwalapo nthawi yaitali kapena kufedwa amadziwa kuti kuchira kumayambira pa zazing'ono: kudzuka, kusamba, kusesa pabwalo, ngakhale mtima usanavomere.

Mankhwala achitatu, omwe ndi owawa kuposa onse, ndi kukumbukira. M'buku la 1993 muli ndakatulo ya mkaidi amene walamulidwa kukwecha makoma a chipinda chake, momwe akaidi akale anakandamo mayina, masiku ndi mapemphero awo. Iye akuzindikira kuti kufufuta zolembazo n'kuthandiza boma kupha anthuwo kachiwiri. Mikuyu inali ndi mbiri yolemera yotere. Nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagonekedwa kumeneko mu Meyi 1983 asanakaphedwe ku Mwanza. Kumeneko Mapanje anapezako Machipisa Munthali, amene anakhala m'ndende zaka 27. Mlakatuliyu analibe cholembera chololedwa, ndipo ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu, monga ankachitira alakatuli a pakamwa amene iye anaphunzira ntchito zawo asanamangidwe. Kwa munthu wotere kuiwala kukanakhala kutaya chuma chokhacho chimene apolisi sakanatha kuchipeza pomusecha. Ichi ndicho chifukwa chake mabukuwa akutsutsana ndi malangizo ofala oti zapita zapita, munthu angoyang'ana kutsogolo.

Palinso mfundo imene buku la 2011 likuimveketsa bwino kuposa ndakatulo, yakuti mutu umodzi susenza denga. Mkati mwa ndende munali alonda ena amene anaika moyo wawo pachiswe potulutsa timakalata tolembedwa pa mapepala okulungira sopo. Kunja kunali wansembe wa Chikatolika, Bambo Pat O'Malley, ndi mphunzitsi mnzake David Kerr, amene ankatumiza uthengawo kutali, komanso Landeg White ku York amene ankamema olemba ndi mabungwe kuti alankhule. Mu 1988 Wole Soyinka anamulandirira mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam iye ali m'chitolokosi. Chimene chikupatsa bukuli ulemu ndi chakuti silikujambula alonda onse ngati zilombo. Ena mwa iwo anali amphawi ogwidwa mumsampha womwewo, ndipo wolemba akuwathokoza. Kutha kuona umunthu mwa munthu wovala yunifolomu ya adani ndi chizindikiro chakuti mtima sunaume, ndipo mtima wosauma ndiwo ungathe kudzalandiranso chimwemwe.

Komabe mabukuwa sakunamiza owerenga kuti zonse zimabwerera mwakale. Mayi ake a Mapanje anamwalira patangotsala nthawi yochepa kuti mwana wawo atuluke, ndipo ndakatulo yowalira m'buku la 1993 ili m'gulu la zogwira mtima kwambiri mwa zonse zimene iye analemba, chifukwa mulibe nthabwala yobisalamo. Atangotuluka anachoka m'dziko pamodzi ndi mkazi wake ndi ana atatu kukakhala ku York, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa m'mayunivesite a ku Leeds ndi Newcastle. Ufulu unabwera pamodzi ndi uchilendo, kutali ndi nyanja ya kwawo ku Mangochi. Madzi akatayika saoleka. Chimwemwe chimene chikuoneka m'mabuku a pambuyo pake n'cha munthu amene wavomera kuti zina zinapita ndithu, nasankha kumanga pa zimene zatsala.

Zofooka zilipo ndipo n'zoyenera kuzitchula. M'ndakatulo zina za m'buku la 1998 mkwiyo ukuposa luso. Chiphiphiritso chimene chinkapatsa buku la 1981 kukoma kwake chinabadwa chifukwa cha mantha, ndipo mantha atachoka, mizere ina ikungolankhula mwachindunji ngati nkhani ya m'nyuzipepala, n'kumabwereza milandu ya anthu omwewo. Buku la 2011 nalonso lili ndi zigawo zotalika mopitirira, pamene wolemba akufuna kuti pasatsale dzina kapena kalata yosatchulidwa. Mwina umenewu ndi mtengo wa kukana kuiwala: wosunga zonse amavutika kusankha. Chachiwiri, masautso a amayi ndi ana otsala kunja kwa mpanda, amene ankasalidwa ndi anansi amantha, akumveka chapatali. Wofuna mawu a mayi pa nkhani ya ndende za nthawi imeneyo ayenera kutsegula Fearless Fighter (2007) ya Vera Chirwa, amene anamangidwa mu 1981 natuluka mu 1993, mwamuna wake Orton atafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Chofooka chachikulu sichili mwa Mapanje yekha. Mabuku ake, la Vera Chirwa, ndi Political Prisoner 3/75 (1995) la Sam Mpasu, onse analembedwa m'Chingerezi. Mlonda amene anabisa kalata m'thumba, mlimi amene anamangidwa chifukwa chosagula khadi la chipani, ndi wa Mboni za Yehova amene anathawira ku Zambia kapena ku Mozambique, ambiri a iwo sangawerenge mbiri imene ili yawo yomwe. M'meto umachitika pabwalo, m'chilankhulo cha ofedwa. Kufikira mabukuwa atamasuliridwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, mwambowo ukhala utachitikira alendo, eni maliro ali kuseri.

Nkhaniyi ikukula chifukwa Malawi sanakhale ndi bwalo la dziko lonse lofotokozerapo zoona monga linachitikira ku South Africa. Pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 panakhazikitsidwa bwalo lopereka chipukutamisozi kwa ozunzidwa, ndipo mlandu wa ku Mwanza unazengedwa, koma Dr. Banda ndi anzake anapezeka osalakwa mu Disembala 1995. Ndalama zimathandiza, koma sizitchula dzina la tsoka. Ntchito yotchulayo inatsalira olemba, ndipo Mapanje anaipitiriza posonkhanitsa zolemba za akaidi a m'maiko ambiri a mu Africa m'buku la Gathering Seaweed (2002).

Panapita zaka 20 kuchokera pamene anatuluka kufikira pamene mbiri ya ukaidi wake inasindikizidwa. Kuchedwa kumeneku nakonso n'phunziro, pakuti bala lakuya silipola pa tsiku limene womvera chisoni akufuna. Mutu wa bukulo ukukumbutsa za ng'ona zimene otsutsa boma ankaopsezedwa nazo. Patapita zaka 5, mu 2016, kunatuluka buku lina la ndakatulo lotchedwa Greetings from Grandpa. Munthu amene boma linafuna kuti aiwalike ku Mikuyu anafika polemba buku limene mutu wake ndi moni wa agogo kwa adzukulu.