Mphamvu Zobwereka M'buku la Ken Kesey

Nkhani ya m'buku la One Flew Over the Cuckoo's Nest, lomwe Ken Kesey adasindikiza mu 1962, ikuchitikira m'chipatala cha odwala misala ku Oregon, m'dziko la America. Wolamulira wodi ndi namwino wachizungu, Ratched. Pansi pake pali antchito atatu akuda: Washington, Williams ndi Warren. Iwowa ndiwo amameta odwala, kuwasambitsa ndi kuwagwira mwankhanza.

Wowerenga wothamanga angawaweruze msanga. Koma tidzifunse: kodi mphamvu zawo zikuchokera kuti? Wofotokoza nkhani, Chief Bromden, akutiuza kuti Ratched adawasankha atayesa ambiri, ndipo chimene adawakondera ndi chidani chimene chidadzaza m'mitima mwawo. Sakhazikitsa malamulo, salemba mankhwala. Ngakhale ndi akuluakulu, amangotchedwa anyamata, monga momwe azungu ankachepetsera amuna akuda lamulo loletsa tsankho la 1964 lisanabwere. Ndodo imapweteka, koma mwini dzanja ndi wina.

Apa mpamene Kesey adafooka. Bromden, mwana wa mfumu ya eni nthaka a ku America, akupatsidwa masamba ambiri olirira malo a mtundu wake amene boma lidatenga kuti limangepo damu. Koma za antchitowa tikungomva mwachidule kuti mmodzi, ali mwana, adaona amayi ake akuchitidwa chipongwe ku Georgia. Maganizo awo sitikuwamva. Choncho buku lodzudzula kupondereza likuwasandutsanso zida, monga adachitira Ratched yemwe.