Khutu limene linamva bulu

Amene anayamba kunena kuti "bulu" anali ndi khutu lakuthwa. Apwitikizi, omwe anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi cha m'ma 1530, amalemba burro, koma pakamwa pawo o wakumapetoyo amatuluka ngati u. Makolo athu anagwira zimene khutu linamva. Kenaka anatenga r wapakati uja, amene mwini wake amachita kumukokomeza, n'kumusalaza mpaka kukhala l wofewa. Bu-lu. Ngakhale mwana woyendetsa ngolo kumidzi ya ku Dedza amalitchula osapunthwa, chikwapu chili m'manja.

Koma luso lenileni lili pa kavalo. Dzinali ndi cavalo wa Chipwitikizi, mdzukulu wa caballus, mawu a Chilatini otchulira hatchi wamba yogwira ntchito. Kuno nyamayi inalibe dzina lakelake, poti kashembe sankailola kukhalitsa m'madera ambiri. Dzina lobweralo linapeza pokhala pokonzakonza: Mpwitikizi amatsindika pa va, nafenso timakoka mawu pamalo omwewo, ka-vaa-lo.

Msampha unali pa ka woyambirirayo. Kwathu ka amachepetsa chinthu, ndipo zikachuluka amasanduka ti: kamwana, tiana, kambuzi, timbuzi. Munthu wosasamala akanatha kunena kuti "tivalo tiwiri tathawa". Tangoganizani chinyama chonsecho, chamanyenje ndi ziboda, kuchiyankhula ngati kanapiye! Koma makolo athu sanatero. Anamuika kavalo m'khola limodzi ndi kalulu ndi kadzidzi, nyama zimene ka wawo ndi wobadwa naye. Ndiye timati kavalo wanga wathawa, akavalo awiri athawa. Mmene Buku Lopatulika linkatuluka mu 1922, akavalo a Farao anali atazolowera kale khola limeneli.

Mawu ena ochokera kwa Apwitikizi omwewo anavekedwa kamphuno kutsogolo: sapato inakhala nsapato, batata n'kukhala mbatata. Bulu anamusiya momwemo, wopanda m. Ine ndimati anachita bwino, pakuti akanangomuwonjezera kachilembo kameneka, akanayandikana kwambiri ndi mmbulu, chilombo chogwira nkhosa chija, ndipo wowerenga mawu pa Lamulungu la Kanjedza akanatuluka thukuta pofotokoza chimene Yesu anakwera polowa mu Yerusalemu.